Kabowo ka SERIAL I/O kumbuyo kwa PlayStation yoyamba: mmene mungakagwiritsire ntchito

Tembenuzani PlayStation yanu yotuwa ija muyang'ane kumbuyo kwake. Pali polowa chingwe cha magetsi, pali AV MULTI OUT pomwe pamalowa chingwe chopita ku TV, ndiye chapafupi pomwepo pali kabowo kena kocheperako kolembedwa kuti SERIAL I/O. Ambiri a ife tinakulira m'mashopu a magemu, kaya ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Area 25, kudikirira kuti padi itifike, koma kabowo kameneka sitinkaona munthu akulowetsamo kanthu. Kankangodzaza fumbi. Ine ndimakonza mafoni ndi ma TV kuno ku Rosettenville, ku Joni, ndipo makina amenewa amandipeza kawirikawiri. Ena amachokera m'magalaja a mabwana omwe abale athu amagwirako ntchito, ena anthu amagula m'mashopu a katundu wogwiritsidwa kale ntchito. Aliyense wobwera nawo ndimamuuza kuti kabowo ako ndi kamoyo, ndipo magemu ena amene tinkayesa a munthu mmodzi amaseweredwa ndi anthu awiri kudzera pamenepo.

Ntchito yake yeniyeni ndi kulumikiza ma PlayStation awiri ndi chingwe, aliyense wosewera akhale ndi makina ake, TV yake ndi padi yake. Sony inatulutsa chingwe chake chotchedwa Link Cable, nambala yake SCPH-1040. Chifukwa chake n'chomveka. PlayStation inatuluka ku Japan mu 1994, ku Ulaya mu 1995, ili ndi memori yaikulu ya 2 MB yokha. Kugawa sikirini pakati kuti ijambule dziko la gemu kawiri kunali katundu wolemera, makamaka zaka zoyambirira opanga magemu asanaizolowere. Ndiye ena anangoti makina aliwonse azijambula mbali yawo, chingwe chizingonyamula uthenga wakuti mnzako ali pati ndipo wadina chiyani. Wipeout, Wipeout 2097, Destruction Derby, Ridge Racer Revolution ndi Doom alibe zogawa sikirini. Mukafuna kusewera awiri, njira ndi chingwe basi.

Ndipo kukoma kwake n'kosiyana, abale anga. Pa sikirini yogawa mnzako amaona pomwe wabisala. Pa chingwe sakuona. Mu Doom umangomva chitseko chikutseguka kumbuyo kwako, mtima n'kuyamba kugunda.

Yambani ndi kuona ngati makina anu ali nako kabowoko. Pansi pa makina pali pepala lomata lolembedwa nambala yoyamba ndi SCPH. Kuno ku Joni mupeza kwambiri za PAL, ndiye kuti za mtundu wa ku Ulaya, zomwe nambala yake imathera ndi 2: SCPH-1002, 5502, 5552, 7002, 7502 ndi 9002. Zonsezi zili ndi SERIAL I/O. Ya 9002 anaichotsera polowetsa pena pakulu pa PARALLEL I/O, ndiye anthu ena amaganiza kuti zonse zinapita, koma kabowo kathu kalipo ndithu. Imene ilibe ndi PSone, kakang'ono koyera kozungulira m'makona kaja ka 2000, SCPH-102. PlayStation 2 nayonso musaiwerengere. Imasewera madisiki a PlayStation yoyamba, inde, koma ilibe kabowoka. Sikofunika kuti manambala a makina awiriwo afanane: 1002 imalankhula bwinobwino ndi 9002.

Papepala lomwelo onaninso mphamvu ya magetsi musanalowetse pulagi kukhoma. Ya kuno imalembedwa 220-240V, zofanana ndi magetsi a kuno komanso a kumudzi. Mukapeza yolembedwa 100V, ndi ya ku Japan. Ya 120V ndi ya ku America. Zimenezo mukazilowetsa kukhoma popanda thiransifoma yotsitsa mphamvu, mumva kaphokoso ndi fungo la chopserera, nkhani yathera pomwepo. Ogulitsa ena pa Facebook Marketplace sadziwa n'komwe zimenezi, ndiye apempheni chithunzi cha pepala la pansilo musanakwere takisi kupita kukatenga.

Chachiwiri ndi madisiki. Pafunika madisiki awiri a gemu imodzimodzi, chifukwa makina aliwonse amawerenga yawo nthawi yonse ya masewero. Akhalenso a chigawo chimodzi. Pamsana pa chikesi ndi padisiki penipeni pali kanambala: SLES kapena SCES ndi za PAL, SLUS kapena SCUS ndi za ku America, SLPS kapena SCPS za ku Japan. Za PAL zimayendera 50 Hz, zinazo 60 Hz. Ngakhale makina anu ali ndi tchipi yowerenga madisiki a kulikonse, musasakanize, chifukwa wina amathamanga kuposa mnzake, gemu n'kusokonekera pakati pa mpikisano. Ndimakonda kuwayika madisiki awiriwo pamodzi patebulo n'kuwerenga manambala onse mpaka kumapeto.

Amene mulibe ndalama yogulira gemu kawiri, funani Command & Conquer: Red Alert ya 1997. Imabwera ndi madisiki awiri m'chikesi chimodzi, ina ya Allies ina ya Soviet, ndipo mukayika imodzi m'makina awa ina m'makina awo, zimalumikizana. Kwa ine imeneyi ndiye gemu yomwe chingwechi chinapangidwira. Aliyense amamanga msasa wake mnzake osaona, ndipo madzulo onse amatha osadziwa. Magemu ena olola chingwe ndi Final Doom, Formula 1 ya 1996, Armored Core ndi Bushido Blade. Kumbuyo kwa chikesi kumakhala kachizindikiro kakang'ono ka Link Cable, pamzere womwe amalembapo chiwerengero cha osewera ndi mabuloko a memori khadi.

Ma TV awiri. Achikale a chimsana aja ndiwo abwino, ndipo kuno anthu amangowataya kapena kugulitsa motchipa. Atsopano ambiri alibenso mabowo achikasu, oyera ndi ofiira aja, ndiye amafuna kabokosi kosinthira ku HDMI, komwe nthawi zina kamachedwetsa chithunzi pang'ono. Ngati mmodzi ali pa TV yachikale wina pa kabokosi, wa pakabokosiyo akhala akudandaula pa Wipeout, ndipo adzakhala akunena zoona. M'chipinda chimodzi chomwe ambiri timachita lendi, ayikeni ma TV motsamirana misana pakati pa chipinda, wina akhale pabedi wina pampando. Chingwecho si chachitali, ndiye makina awiriwo akhale moyandikana, zingwe za ku TV ndi za mapadi ndizo zitalike.

Tsopano chingwe chenichenicho, pomwe pali ntchito. Cha Sony chimasowa. Yang'anani pa Bob Shop, pa Gumtree ndi m'magulu a okonda magemu akale pa Facebook, polemba kuti "PS1 link cable" kapena SCPH-1040. Zilipo zina zopangidwa ndi makampani ena, zakale ndi zatsopano zomwe, ndipo zambiri zimagwira. Chenjerani ndi wogulitsa amene akukuonetsani chingwe cha AV n'kumati ndi chomwecho. Mitu yake imafanana mukaiona patali, koma wa AV ndi wotakata, uli ndi timano 12, pomwe wa SERIAL uli ndi 8. Chingwe cha link chili ndi mutu wofanana mbali zonse ziwiri. Mutu ukakana kulowa musaukakamize, chifukwa kapulasitiki ka m'kati mwa kabowo kakathyoka simudzakapezanso.

Chikasowa, chimapangika, koma apa ndikulankhula ndi amene dzanja lawo linazolowera kuwotcherera. Mwa timano 8 tija, kamodzi ndi ka GND (ground, pobwerera magetsi), kamodzi ndi ka magetsi, ndipo 6 totsalato timayenda tiwiritiwiri: TXD ndi RXD, RTS ndi CTS, DTR ndi DSR. TXD ndi potulukira uthenga, RXD polowera. Enawo ndi oti makina aziuzana kuti ndakonzeka, tumiza, kapena dikira kaye. Polumikiza mumapingasa, monga mmene pakamwa pa wina pamayenera kulunjika ku khutu la mnzake:

TXD ya makina oyamba ipite ku RXD ya achiwiri, RXD ku TXD.
RTS ku CTS, CTS ku RTS.
DTR ku DSR, DSR ku DTR.
GND ku GND.

Waya wa magetsi musaulumikize ayi. Makina aliwonse ali ndi magetsi awoawo, ndipo kuwakumanitsa ndi kuitana mavuto. Zikutanthauza kuti mawaya ofunika ndi 7, ndiye chingwe cha netiweki ya kompyuta chimakwana bwino poti chili ndi 8. Mmene ndimachitira ine, ndimatsegula makina, kuwotcherera timawaya tating'ono pa miyendo ya kabowoko pabolodi, n'kuzitulutsira ku soketi ya netiweki yomwe ndimaimangirira kumbuyo. Kupingasa kuja ndimakuchitira m'makina amodzi okha, kuti pakati pazidutsa chingwe wamba. Pamakina opingasidwawo ndimamatapo kapepala, chifukwa pakapita miyezi palibe amene angakumbukire. Ndipo soketi imeneyo si ya intaneti, isadzalowetsedwe ku rauta.

Zinthu ziwiri pamenepa ndikupemphani. Choyamba, zithunzi zoonetsa timanoti zomwe zili pa intaneti sizigwirizana powerenga: ena amayambira kumanzere, ena kumanja. Musangokhulupirira nambala. Tengani malitimita, muiyike pa kulira kuja, nsonga imodzi pa chitsulo chophimba bolodi, inayo muziyendetsa pa timano mpaka italira. Kameneko ndiko ka GND, ndipo mukakapeza mwadziwa mbali yomwe chithunzi chanu chikuyambira. Chachiwiri, m'kati mwa makina otuwawa, chakumanzere, muli bolodi la magetsi losaphimbidwa. Zulani pulagi kukhoma musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi, ndipo kapasita wamkulu wa pabolodi limenelo musamukhudze, amasunga moto ngakhale mutazula.

Kabowo komwe kakhala zaka zoposa makumi awiri osagwira ntchito kamafuna kutsuka. Mswachi wakale wouma uchotse fumbi, kenako kadontho ka isopropyl (sipiriti wotsukira zida zamagetsi), osati madzi, osatinso mafuta opopera aja. Walitsani tochi ya foni m'katimo. Timano tizioneka tonyezimira, tonse pamzere umodzi. Mukaona tobiriwira, makinawo anakhala ponyowa, ndipo mubwereze kutsukako mofatsa. Mphemvu nazonso zimakonda kubisala mmenemo.

Kulumikiza kwake ndi kosavuta. Zimitsani makina onse awiri. Lowetsani chingwe mbali zonse mpaka chikhale, osagwedera. Ikani madisiki, yatsani onse, dikirani mpaka aliyense afike pa menyu yaikulu. Musalowetse kapena kuzula chingwe makina ali oyaka. Tiyerekeze ndi Doom: pamenyu pali mzere wa Game Mode, pomwe mumasankha Single, Cooperative kapena Deathmatch. Gwirizanani pakamwa kuti mukusewera iti, levulo iti, kulimba kotani, nonse musankhe chimodzimodzi. Woyamba akadina, sikirini yake ilemba kuti Connecting n'kudikira. Wachiwiri akadina, makina onse ayamba kuwerenga disiki, ndipo mupezeka muli m'dziko limodzi. Magemu ena amalemba kuti Link kapena 2 Player Link, ndipo ena sakuonetsani n'komwe mzerewo mpaka atamva kuti mbali inayo kuli mnzawo. Mzere ukakhala wozimiririka wosasankhika, ndiye kuti makinawo sakumvana.

Zikakanika, musathamangire kutsutsa chingwe. Nthawi zambiri chomwe ndimapeza ndi diso lowerengera disiki lomwe latopa mbali imodzi. Makina amodzi amaliza kuwerenga, enawo akadali kulimbana, mpaka oyambawo atopa kudikira, Doom n'kulemba kuti Network Error. Yesani makina aliwonse paokha kaye, mumvetsere. Ngati nyimbo zikudumphadumpha kapena mukumva diso likubwerera m'mbuyo mobwerezabwereza, vuto lili pamenepo. SCPH-1002 imadziwika ndi matenda amenewa chifukwa kanjira ka pulasitiki komwe diso limayendapo kamaperepeseka, ndiye n'chifukwa chake akuluakulu a m'mashopu aja ankaigoneka chadodolido kuti iwerenge. Njira imeneyo imagwirabe mpaka lero. Ngati makina onse ali bwino, bwererani ku manambala a madisiki. Kenako yezani chingwe ndi malitimita, waya uliwonse kuchokera mutu uno kufika mutu uwo, mukukumbukira kuti kamano ka mbali ino kamatulukira pa mnzake wopingasa mbali inayo. Pa zingwe zodzipangira, cholakwika chofala ndi kungolumikiza TXD, RXD ndi GND n'kusiya enawo. Magemu amawafuna mawaya odikirirana aja.

Magetsi a kuno mukuwadziwa. Akazima muli pakati pa gemu, zulani makina onse kukhoma nthawi yomweyo, osadikira kuti abwere, chifukwa pobwera ndi pomwe amaononga. Ma TV awiri ndi makina awiri muwalowetse pa ekisitenshoni imodzi yabwino yoteteza ku kukwera kwa magetsi.

Kabowo komweka kali ndi ntchito ina yomwe anthu ochepa amaidziwa: kulankhula ndi kompyuta. Si nzeru zatsopano. Sony yomwe inagulitsa PlayStation yakuda yotchedwa Net Yaroze, yomwe inafika ku Ulaya mu 1997, kuti anthu wamba azilemba magemu awo pakompyuta n'kuwatumiza m'makina kudzera pa SERIAL I/O. Lero zimatheka pa yotuwa wamba. Chomwe chimandikoka ine ndi memori khadi. Kakhadi kaja kamasunga 128 KB, mabuloko 15, ndipo ena mwa makadiwa akutha mphamvu ndi ukalamba. Pali achimwene ena amene anabwera nako kuchokera kumudzi kali ndi magalimoto onse omwe anawina mu Gran Turismo ali mnyamata, ndipo ankachita mantha kukalowetsa m'makina achilendo. Zoterozo zimakopereka pakompyuta.

Mufunika kabolodi kakang'ono kosintha USB kukhala serial, ka FT232 kapena CP2102, komwe kamapezeka m'mashopu ogulitsa zida za Arduino. Apa mvetserani bwino, chifukwa ndi pomwe makina amafera. Kabowo ka PlayStation kamayendera 3.3V. Tibolodi tambiri ta FT232 tili ndi kajampa kosankhira 5V kapena 3.3V: kayikeni pa 3.3V, ndipo muyeze ndi malitimita pa mwendo wa TX kuti mutsimikize musanalumikize kalikonse. Chingwe cha USB chothera ndi mutu wa timano 9 chija, cha RS-232, chisayandikire n'komwe, chifukwa chimatulutsa mphamvu yoposa pamenepo, ina yake ya negetivu. Mawaya ndi atatu okha ulendo uno: TX ya kabolodi ku RXD ya PlayStation, RX ku TXD, GND ku GND. Mwendo wa VCC usiyeni. Ngati muli ndi chingwe cha link chomwe mutu umodzi unaonongeka, chiduleni pakati mugwiritse ntchito mutu wabwinowo. Chabwinobwino musadule, n'chosowa.

Mbali ya PlayStation pafunika pulogalamu yomvetsera pa kabowoko. Yomwe ambiri timagwiritsa ntchito ndi Unirom, yaulere. Ngati makina anu ali ndi tchipi, monga ambiri omwe anadutsa m'mashopu a magemu, iwotcheni pa CD-R n'kuiyika ngati gemu ina iliyonse. Ngati alibe, pali njira ya FreePSXBoot yomwe inatuluka mu 2021, yoyatsa Unirom kuchokera pa memori khadi. Imeneyo imafuna khadi lapadera lomwe simudzasungiraponso magemu, ndipo zoyikapozo ziyenera kugwirizana ndi mtundu wa makina anu, ndiye musayesere pa khadi lomwe mukufuna kupulumutsalo.

Mbali ya kompyuta pali kapulogalamu kotchedwa nops, kolemba malamulo pa sikirini yakuda ija ya Command Prompt. Lowetsani kabolodi, tsegulani Device Manager muone nambala yomwe Windows yakapatsa, mwachitsanzo COM3. Liwiro lake ndi 115200, ndipo nops imalidziwa kale. Unirom ikakhala pamenyu yake, khadi lanu lili m'malo oyamba, lembani nops /mcdown 0 ndi dzina la fayilo lomwe mwasankha, kenako COM3. Malo oyamba amawerengedwa 0, achiwiri 1. Muona manambala akuyenda, ndipo pakangopita kanthawi fayilo ya 128 KB ikhala pakompyuta. Ikangoima osayankha, sinthanitsani TX ndi RX, poti opanga tibolodi ena amalemba mayina mozondoka, ndipo pa 3.3V kusinthanitsako sikuononga kanthu. Achinyamata ophunzira zamakompyuta angakonde kudziwa kuti lamulo la /exe limatumiza pulogalamu yomwe alemba okha kuti iyende pa PlayStation osawotcha disiki.

Koperani khadi lililonse kawiri, mafayilo awiriwo muwafananitse. Akasiyana, pukutani timano ta khadi ndi isopropyl mubwerezenso. Fayilo yabwinoyo isungeni malo awiri, pakompyuta ndi pa imelo yanu. Kubwezera pa khadi lina ndi /mcup, koma lamulo limeneli limalemba khadi lonse, mabuloko onse 15, kufufuta chilichonse chomwe chinalipo. Musanalidine, zulani khadi loyambirira lija m'makina muliyike m'thumba, mutsale lopanda kanthu lokha.